Tsiku Lotembenuza Matiresi

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha amayi aakulu, a Nachisale, mkulu wawo wa amayi anga ondibereka. Papita zaka zitatu chiwaikireni m'manda. Mbiri yawo anawerenga ndi amalume a Lazalo, mlongo wawo wamng'ono, atavala jekete lawo la kumaliro. Anati malemuwo anali mayi waukhondo, wodziwa kusamala katundu, ndipo anamwalira mwamtendere pakhomo pawo abale atawazungulira. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinangoyang'ana pansi, chifukwa zaukhondozo ndi zoona koma zamtenderezo ndi bodza, ndipo odziwa mmene zinayendera tilipo awiri, amalumewo ndi ine.

Ndiye ndati ndilembe yanga mbiri, imene siingawerengedwe kumanda.

A Nachisale sanali munthu wokondeka, ndisakunamizeni. Anali aafupi, owerama msana, dzanja limodzi lili m'chiuno nthawi zonse, ndipo pakamwa pawo panalibe chotsekera. Ukawapatsa moni akusesa, ankayankha tsache likuyendabe. Ukalowa m'nyumba mwawo, asanakufunse za kumene wachokera ankayamba ayang'ana kumapazi. Ngakhale ine, mayi wa ana anayi, ankangonditi "iwe Malita" ngati ndikadali sitandade wani, ndipo ndinkavomera. M'mudzi mwathu muno, m'mapiri a kum'mawa kwa Madisi kumene Dowa amakumana ndi Ntchisi, panalibe munthu amene sanalawepo lilime lawo.

M'nyumbamo munali zinthu zimene ankazisamala kuposa thupi lawo lomwe: bedi la mlombwa, tebulo, mipando iwiri ndi matiresi. Miphika, madengu ndi zina zonse ankabwereketsa osawerengera. Koma izi ayi.

Bedi silinkakhudza khoma. Ankasiya mpata wolowa dzanja, ati khoma la dothi limatuluka thukuta nthawi ya dzinja ndipo thabwa limamwa. Miyendo yake inkaima m'zitini za nsomba zothiramo oilo wakuda wa kuchigayo, kuti chiswe chikafika chibwerere pomwepo. Nsikidzi ankazisaka m'mipata ya matabwa ndi nthenga ya nkhuku yoviika m'parafini, ngakhale sanapezepo ndi imodzi yomwe. Zothira madzi otentha pabedi ankati ndi nzeru za anthu amene sanagulepo bedi ndi thukuta lawo, chifukwa thabwa limafufuma, likauma bedi n'kuyamba kulira. Tebulo ndi mipando ankazipaka phula la njuchi losungunulira pamodzi ndi mafuta a nsatsi, kansanza kakutsata mizere ya thabwalo, osati modukiza. Kuika kapu ya tiyi patebulo popanda kambale pansi unali mlandu. Mpando sunkakokedwa, unkanyamulidwa ndi manja awiri.

Tsiku lina akatekisi anabwera kudzayendera mphakati wathu, ndipo Akhristu tinasonkhana pakhonde pa a Nachisale. Mlendoyo anapatsidwa mpando. Nkhani ya kusala kudya itawakomera, bambowo anayamba kutsamira kumbuyo, mpando utaima ndi miyendo iwiri. A Nachisale anadzuka chiphunzitso chili mkati, anakagudubuza mtondo, naugoneka pambali pawo.

"Aphunzitsi, samukirani apa. Uwu ngakhale muugwedeze mpaka Pasaka suthyoka."

Akatekisiwo anamaliza chiphunzitso ali pamtondo, ndipo sanapondenso pakhomopo chaka chonse.

Komatu zonsezi zinali zazing'ono poyerekeza ndi za matiresi. Tsiku limene anafika nawo anang'amba pulasitiki yonse. Anthu anadabwa, paja ambiri akagula matiresi amagonera papulasitiki pomwepo mpaka ithe yokha, kuti azioneka atsopano. Iwo ankati siponji imafuna kupuma, ukaitsekera imachita nkhungu. M'malo mwake anawasokera thumba. Inali nyengo ija matipate atangoyamba, galimoto za zipani zikukwera mapiri athu ndi zimkuzamawu, nsalu zikugawidwa kwa aliyense wowomba m'manja. A Nachisale ankapita kumsonkhano wa chipani chilichonse, kuwomba m'manja kawiri katatu, kulandira nsalu, n'kubwerera wolankhula asanafike pakati. Anaphatikizapo zakale zija ankatikakamiza kugula kuti tizikavinira, nasoka thumba la mitundumitundu, nkhope zonse za atsogoleri zitayang'ana mkati. Ankati akuluakuluwa anatikhala pamsana zaka zambiri, sikulakwa kuti nawonso alaweko kulemera kwa nkhalamba.

Pamphepete pa matiresi sankalola munthu kukhala, ati pamafooka. Amayi anga anakhalapo kamodzi akuvula nsapato, ndipo awiriwo sanayankhulane mwezi wathunthu. Chakudya kuchipinda chinali choletsedwa, chifukwa makoswe amatsata fungo. Ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse linali tsiku lotembenuza: kumutu kupite kumiyendo, pansi pabwere pamwamba. Kukakhala kopanda mvula tinkawatulutsa kukawayanika pathandala la m'mbali mwa nyumba, osati pansi, kuyambira mame akangouma mpaka dzuwa lisanafike paliwombo. Dzuwa la masana ankati limawotcha siponji, imayamba kuyoyoka ngati chigumu chouma. Yonyamula inali ntchito yanga, popeza msana wawo sunkalola, ndipo panalibe wina amene ankamukhulupirira kuti angagwire matiresi awo ndi manja osamba.

Nzeru zonsezi sanabadwe nazo. Ali mtsikana anatsatira amuna awo ku esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu, kumene bamboyo anali tenanti. Mwamunayo atamwalira, iwo anatsala akugwira ntchito m'nyumba ya bwana wa esitetiyo zaka zoposa makumi awiri. Kumeneko ndiko anaphunzira kupukuta tebulo mpaka kudziona nkhope, kuyala mabedi asanu m'mawa uliwonse ndi kutembenuza matiresi a ana a eni ake. Akamaliza ankakagona kukhitchini ya kuseri, pamphasa, pasimenti. Ana atatu amene a Nachisale anabereka anabadwira pamphasa, ndipo onse atatu anafera pamphasa asanayambe sukulu. Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha tikusenda mtedza, ndipo ndikuti ndiwapepese anandiuza kuti ndikusiya makoko m'lichero.

Anabwerera kumudzi ndi kathumba ka zovala ndi msana wopindika uja. Ankati msana wawo unathyokera pamabedi a eni, ndiye uyenera kukapumula pabedi lawolawo.

Boma litalola kuti alimi wamba azilimanso fodya wa bale, amene kale anali wa maesiteti okha, a Nachisale analowa kalabu mutu uli mbuu ndi imvi. Amuna a m'kalabumo ankaseka, mpaka anaona mmene mayiyo ankasankhira masamba. Chaka choyamba anaitanitsa bedi, tebulo ndi mipando kwa mmisiri wa matabwa ku Madisi, ndipo anamubweza kawiri chifukwa chofuna kuwapatsira thabwa laliwisi. Bedilo linakhala chaka chathunthu lili mafupa okhaokha, iwo akugona pansi pambali pake, n'kumalipaka phula. Amayi anga anawauza kuti angoyala mphasa pabedipo podikira. Anakana, ati mphasa siidzakwera pabedi lawo.

Chaka chachiwiri, chija tinavota zipani zambiri koyamba, fodya atagulidwa ku okushoni, ananditenga kupita ku Madisi. M'manja ananyamula bango, ine n'kumayesa ndodo yoyendera. Tinalowa m'sitolo ya a Saidi, Msilamu wofatsa amene ankagulitsa nsalu, mabulangete ndi matiresi ochepa ounjikidwa kukona. Bamboyo anawatsitsira aakulu.

"Tengani awa, mayi. Mukhoza kugudubuzika mmene mungafunire osagwa."

A Nachisale anagoneka bango lija pamatiresiwo m'litali, anayeza m'lifupi ndi mkono, napukusa mutu. Anasankha aang'ono, okwana munthu mmodzi, koma ochindikala kuposa onse.

"Nanga bangoli ndi la chiyani?" anafunsa a Saidi.

"Ndi msinkhu wanga. Ndadziyezeratu kuti adzukulu asadzavutike."

Kwathu kuno bango ndilo limene adzukulu, anthu okumba manda, amayezera mtembo kuti adziwe kutalika kwa dzenje. A Saidi anaseka, kenako anaona kuti akuseka okha.

"Aakuluwo sangalowe m'dzenje," anapitiriza a Nachisale. "Adzukulu a kwathu ndi aulesi, sakumba motakata."

"Ife timapita ndi nsalu yoyera basi, mayi."

"Inu mwagonapo pabwino muli ndi moyo, bambo. Mangani awa."

Tinabwera nawo pangolo, iwo atawafungatira njira yonse kuti asakhudze matabwa. Titawayala pabedi, anasamba mapazi, anakwera, nagona chagada manja ali m'mbali, dzuwa likuswa mtengo kunja. Anagona osagwedezeka mpaka ndinachita mantha. Kenako anangoti, "Kani ndi chonchi." Ndinatuluka kuti ndisawaone nkhope.

Apa ndifotokoze za mwambo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu chimene munthu wafera chimapita naye. Mphasa imene watsirizikira imayalidwa pansi m'dzenje, bokosi n'kukhala pamwamba pake, ndipo palibe wamoyo angaigonerenso. Za matiresi mwambo sunanenepo kanthu, chifukwa m'mudzi mwathu munali musanafe munthu ali pamatiresi. A Nachisale anaona mpata umenewu. Anauza amayi anga, anauza a mphakati, anauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe, kuti iwo adzafera pamatiresi awo ndipo adzapita nawo. Ankati pamphasa agonapo zokwanira, sakagonanso pamphasa kumandako mpaka tsiku lachiweruzo.

Anthu ambiri ankangoseka. Amene sanaseke ndi amalume a Lazalo, amene monga eni mbumba ndiwo ankalamula zonse zokhudza alongo awo ndi ife ana a alongowo. Iwo ankakhala kumudzi kwa akazi awo, kuseri kwa phiri la kutsidya kwa dambo, koma nkhaniyi itawapeza anapalasa njinga tsiku lomwelo.

"Alongo, zimenezi ndi zamisala. Chinthu chatsopano kukachikwirira m'dothi, ana akugona pansi?"

"Ana akowo ali ndi zaka zambiri zogulira awo, Lazalo. Ndinakubereka kumbuyo kuno uli ndi mamina, usandiphunzitse za dothi."

Udani weniweni unabwera ndi ukwati wa mwana wamkazi wa amalumewo. Kuchimuna kunali anthu a ku Lilongwe, ovala nsapato zonyezimira, ndipo amalume anadzapempha matiresi kuti asewere awo agonerepo masiku awiri okha. A Nachisale anapereka mbuzi, anapereka miphika yonse, anakaphika okha kuukwatiko, koma matiresi anakaniza. Ati alendo a ukwati amamwa, ndipo munthu womwa sadziwa pamene wagona. Alendowo anagona pamphasa, m'mawa wina anadandaula za nthiti pamaso pa anthu, ndipo amalume sanaiwale manyazi amenewo.

Munthu mmodzi yekha ndiye anagonapo pamatiresi amenewo kupatula eni ake, ndipo munthuyo ndine. Chaka chimene ndinapita padera, a Nachisale anabwera kunyumba kwanga, anandipeza ndili pansi, ndipo osanena zambiri anandikokera kwawo. Anayala matumba ndi nsanza pansi panga, anandiuza kuti ndisagwedezeke, ndipo masiku anayi iwo anagona pamphasa imene ankadana nayo ija. Nditachira anandiuza kuti ndimapuma mokweza ngati ng'ombe. Sanadzaitchulenso nkhaniyo.

Ndinene pano, kuti musandiyese mboni chabe: bedi lija lili m'nyumba mwanga. Matiresi ndilibe, ndiye ndimayalapo mphasa. Tebulo linapita kwa amayi anga, ndipo pano lili ndi mabala a mapoto otentha. Mpando umodzi unathyoka, winawo unaperekedwa kutchalitchi, akatekisi aja ndiwo amakhalira. Matiresi ndinawaona chaka chatha kwa amalume, atakolekedwa pampanda dzuwa lili paliwombo, thumba lija atalivula, pakati patakumbika, ali achikasu ndi mikodzo ya zidzukulu, kona imodzi makoswe atadya. A Nachisale anakhala nawo zaka ziwiri osaoneka ndi banga limodzi lomwe. Kwa amalume sanathe dzinja limodzi.

Matenda anayamba ndi kutupa miyendo, kenako mpweya unayamba kuwavuta. Kuchipatala anatigoneka masabata awiri, pambuyo pake anatiuza mwaulemu kuti tipite nawo kunyumba. Ine ndinalira, koma iwo anakondwa, chifukwa chimene ankaopa chinali kufera pabedi la eni. Atafika anayamba afufuza ngati wina anakhala pamphepete iwo kulibe. Anandiuza kuti nding'ambe matumba a feteleza ndiwayale pansi pawo, pamwamba pake mabulangete akale. Akafuna kudzithandiza ankaumirira kutsika, ngakhale kutsikako kunkawatengera mpweya wonse. Mankhwala ankamwera atasuzumira kunja kwa bedi kuti dontho lisagwere.

Apa ndi pamene mtima umandiwawa kwambiri. Akanakhala munthu wosasamala, matiresi atathimbirira ndi kununkha matenda, palibe akanawasirira, ndipo akanapita nawo monga ankafunira. Anawasamala okha mpaka anakhala chinthu chosiririka kwa munthu wodzazonda matenda.

Linali Loweruka loyamba la Okutobala, kunja kukutentha kuyambira m'mawa. Amalume anafika panjinga. Popereka moni anatsamiza dzanja pabedi, ndipo ndinaona zala zawo zikudinikiza siponji. Kenako anandikodola, tinapita kuseri kwa nkhokwe.

"Malita, mayi akowa satha sabata. Ukudziwa chimene chichitike akafera pamene agonapo."

"Ndi zimene akufuna, amalume."

"Wakufa safuna kanthu. Mwambo umati mphasa, sunatchulepo matiresi. Koma akangotsirizikira pamenepo palibe adzayerekeze kuwagonera. Tiwatsitse."

"Sangalole."

"Kwa ine sangalole. Kodi lero si tsiku lanu lotembenuza lija?"

Ndiye anawonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti bedi ndi lolemera kukwera nalo phiri, likhala langa.

Ndikhoza kunena kuti ndinaopa amalume, ndipo sikungakhale kunama, ndinkawaopadi. Ndikhoza kunena kuti ndinali nditatopa ndi kudwazika, nazonso ndi zoona. Koma bedi lija ndinali nditathandiza kulipaka phula zaka zitatu, ndinkalidziwa mzere uliwonse, ndipo ndinkalifuna. Ndinalowa m'nyumba.

"Amayi, lero ndi Loweruka loyamba."

Anatsegula maso. "Wakumbukira wekha? Wayamba kukula, iwe Malita."

"Kunja kwacha bwino. Tiwayanike pang'ono."

"Wasamba m'manja?"

Ndinawaonetsa manja. Ndinayala mphasa pabalaza, chifukwa kuchipinda kunali kothina, ndipo chitseko tinachisiya chotsegula kuti kamphepo kaziwapeza. Amalume anagwira kumapewa, ine kumiyendo. A Nachisale anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Msana utakhudza mphasa anakwinya nkhope, nati, "Usachedwe nawo."

Tinatuluka ndi matiresi aja, tinakhotera m'mbali mwa nyumba, tinalambalala thandala mpaka kuseri. Amalume anawapinda pakati, chinthu chimene eni ake sankalola ngakhale mwanthabwala, nawamanga pakaliyala ndi malegeni. Anatsikira njira ya kuseri yopita kudambo. Ine ndinabwerera, ndinayamba kutsuka mbale zoyera kale.

Patapita nthawi anandiitana.

"Sanaume?"

"Pang'ono, amayi."

Ndinawamwetsa phala, anameza masipuni awiri. Dzuwa linafika paliwombo, linapendeka, ine ndikungozungulira panja ndi tintchito tosafunika. Chakumadzulo anandiitananso.

"Dzuwa lapita kale. Bwanji sukuwalowetsa?"

"Amalume aonamo nsikidzi, amayi. Ati akhale kaye kunja."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Nsikidzi, m'nyumba mwanga?"

Ndinayamba kukonza bulangete kumapazi kwawo kuti ndipeze poyang'ana. Ndinawauza kuti ndiwanyamule agone pabedi ndi mphasa yomweyo, kuti asamve kuuma kwa pansi. Anapukusa mutu.

Lamulungu m'mawa anthu a mphakati anabwera kudzapemphera nawo. Anawapeza pamphasa, anayang'anizana, koma palibe anafunsa. Amalume anali atafalitsa kale kuti alongo awo asintha maganizo, apereka matiresi mwa kufuna kwawo ndipo apempha kutsikira pansi monga mwa makolo. Anthu omwe aja anamva ndi makutu awo zoti adzapita nawo matiresiwo kumanda, anasankha kukhulupirira zimenezi chifukwa zinali zosavuta. Ndimaipidwa nawo mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti ine ndilibe pakamwa powanenera. Atapita, a Nachisale anandikodola ndi chala. Mawu anali atachepa, ndinachita kugwada.

"Malita, matiresi anga ali kuti?"

"Ali pathandala, amayi."

"Agona kunja?"

"Ndinawafunditsa."

"Chabwino."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Sanandikalipire, sananditchule wopusa monga ankachitira ndikalakwitsa kupinda bulangete. Anatsirizika Lolemba masana, ali pamphasa pomwepo. Adzukulu anadula bango latsopano, anakumba dzenje, ndipo mphasayo anaiyala pansi monga mwa mwambo. Ndinaona ndi maso anga bokosi likutsikira pamwamba pake. Amalume analira kwambiri tsiku limenelo, mpaka amuna awiri anachita kuwagwira.

Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikudzitonthoza ndi chinthu chimodzi, kuti mwina anapita akukhulupirira kuti matiresi ali pathandala ndipo alowa posachedwa. Munthu wodwala kwambiri masiku amamusokonekera. Ndinkadziuza kuti ndinawabera, inde, koma sanadziwe.

Loweruka lija, mwambo wa chiliza utatha anthu akupita kukadya, ine ndinakhotera kunyumba kwawo. Ndimadutsapo tsiku lililonse popita kumadzi koma ndinali ndisanalowemo chichotsereni bedi. Denga kulibe, mitengo yake inapita kukamangira chigafa cha fodya. Chitseko anazula ndi mafelemu omwe. Makoma akadali chiimire, pena ang'aluka, ndipo mavu amanga m'kona ya kuchipinda. Pansi pamene ankazira sabata iliyonse pamera chisoso, mbuzi zimagonamo masana ndipo zasiya zizindikiro zake paliponse. Palibe fungo la phula kapena la munthu, mukungomveka dothi lotentha.

Miyendo inali itatopa, ndiye ndinakhala pansi pabalaza, pamene ndinayala mphasa paja. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, koma ndinagona chammbali ndi zovala zanga za kutchalitchi, mutu kukhoma la mkati, nkhope kukhomo, mmene tinawagonekera. Ndinali ndisanayang'anepo kunja ndili pamenepo. Tsiku lija ndinkalowa ndi kutuluka maso ali pansi.

Ukagona pamalopo, khomo limakuonetsa bwalo, kenako nsonga za mabango a kudambo, kenako phiri la kutsidya. Njira ija imatsikira kuseri kwa nyumba imabisala kudambo kokha. Ikawoloka imatulukira pakatikati pa khomo, yofiira, n'kukwera phiri lonse poyera. Panali mayi wina akukwera ndi mtolo wa nkhuni, ndipo ndinatha kuona mtundu wa duku lake. Anatenga nthawi yaitali kuti afike pamwamba. Munthu wa njinga yolemedwa pamenepo sapalasa, amatsika n'kumakankha pang'onopang'ono, katundu ali kumbuyo, kuyang'ana kuno. A Nachisale ankalowetsa okha ulusi pasingano mpaka mwezi womaliza.

Ndiye kuti matiresi awo anawaona akupita. Anawaona, n'kundifunsabe katatu, ndipo katatu konse ndinawayankha.

Mayi wa nkhuni uja anafika pamwamba, natsikira kuseri. M'njiramo simunatsale munthu.